Tiyi Wopanda Shuga

Zaka makumi awiri ndi zinayi ndadula nzimbe ku Dwangwa,
chikwanje m'manja, mwaye kumaso,
ndiye kamtsikana ka yunifolomu yoyera
pa chipatala chathu pano pa Nkhotakota
kandibaya chala, kayang'ana kamakina,
n'kuti: Bambo, shuga mutsanzikane naye.

Ndinaseka. Ine?
Ine amene masupuni anayi anali malonje chabe?

Mmawa woyamba ndinamwa madzi ofiira otentha,
owawa ngati ngongole ya katapila.
Ndinakankha kapu.
Mphaka anainunkhiza n'kuchokapo.

Mwana wanga Tiyese sanayankhule kanthu.
Anapita kuseri kwa bafa,
kumene madzi osamba amathera,
n'kuthyola masamba atatu a udzu uja
ndinkati ngothamangitsira udzudzu.
Anawapinda, kuwamanga mfundo,
n'kuwaponya m'ketulo.
Fungo linayamba lakacheza kwa aneba lisanandipeze:
mandimu, chikhalirecho pakhomo pano palibe mtengo wake.
Ndinamwa theka.
Sindinayamike,
koma kapu sindinakankhe.

Che Twaibu, telala wa pakhonde kufupi ndi msika,
atamva za ine anapukusa mutu
phazi likupalasabe makina:
Inu anthu a nzimbe simudziwa tiyi,
mumadziwa shuga wotentha basi.
Anamasula kanyuzi kakale,
muli jinja wouma, khungwa la sinamoni,
ndi tinjere tina tonunkhira
timene mayi ake ankasinja m'kamtondo mbandakucha.
Anandithirira wa m'fulasiki yake.
Jinja anandikanda pakhosi,
n'kutsika pang'onopang'ono
ngati munthu wolowa m'chitsime ndi nyali.
Ndinatsokomola, misozi lengelenge,
iye osasiya kusoka buluku la mwini.

Chidede ndachidziwa mochedwa.
Amagulitsa mayi wina padepoti, m'timapepala,
mtengo umasintha malinga ndi nsapato zimene wavala.
Ukachiviika madzi amafiira piriwiri
ngati kadontho kaja ka pachala changa.
Chimakoka masaya, chimadzutsa mano.
Masana a Okutobala, malata akamalira ndi dzuwa,
ndimachisiya chizizire mumtsuko
n'kumamwa ndili chimbudzimbudzi pansi pa mango.

Chamwamba ndinachiyesa kamodzi.
Zimenezo ndi ndiwo, asakunamizeni.
Bwemba tinayambana naye sabata yathunthu,
pano timapatsana moni.

Ndiulule, Tiyese asamve:
pa maliro a Sikelo mwezi wathawu,
mnzanga wa mzere umodzi kumunda kuja,
kunabwera tiyi wa m'ndowa, wa mkaka,
shuga wothira ndi mbale osati supuni.
Ndinatunga kawiri, ndikuyang'ana uku ndi uku.
Koma lilime linadabwa.
Zinali ngati wailesi yokweza kwambiri,
phokoso lokhalokha, mawu osamveka.
Ndinakhala pa benchi ndi kapu ya pulasitiki
ndikusowa kaudzu ka kuseri kwa bafa,
ndikusowanso Sikelo,
amene akanandiseka mpaka kugwa.

Masiku ano ndimadzuka ndisanafunidwe ndi aliyense.
Ndimakoleza mbaula, makala anayi okha,
ndimadikira ketulo iyambe kung'ung'udza.
Lolemba jinja, chifukwa mawondo.
Masiku enawo ndi mmene mphuno yalotera.
Ndimapemerera, ndimapsontha,
ndimasunga pakamwa kanthawi
mpaka tsamba lililonse litchule dzina lake.
Malole a shuga amadutsa pamsewu kulowera ku Salima,
olemedwa, akubuula pa mabampu.
Mwina muli thukuta la ana a anzanga.
Ndimawakwezera kapu, apite bwino.

Chitini chija cha shuga sitinataye.
Tiyese amasungiramo makoko ouma a manachesi,
ati tiyese amenewo mvula ikayamba.
Nyerere zimabwerabe mwa chizolowezi,
mzere wautali kuchokera pa mng'alu wa khoma.
Zimakwera, zimazungulira chivindikiro,
zimaima kaye ngati zikufunsana,
kenako zimabwerera.

Sindizipha.
Ndikudziwa kumene zikuchokera.