Silinda Yachisanu

Galaja yanga ili kumapeto kwa Londrina,
pamene phula amathera, dothi lofiira n'kuyamba.
Zaka makumi anayi ndili chiweramire pa injini,
msana unachita kupindika ngati paipi ya ekizozi.

Pakona pagona Opala yanga ya 1978,
masilinda asanu ndi imodzi ofola mzere,
chitsulo cholemera ngati ngongole.
Ndinaboola masilindawo kuti akule,
mutu ndinaupala ndi manja omwewa,
njira za mpweya ndinazikuza ndi tupa, masiku khumi osagona,
kenako makabuleta atatu,
kuti izimwa mafuta a nzimbe ngati mlendo wa paukwati.
Ikadzuka m'mawa
agalu a Dona Zuleide amakabisala kunsi kwa bedi.

Jucélia, mwana wa mlongo wanga,
anabwera ndi kagalimoto kogula chaka chatha:
masilinda atatu okha, kainjini konga ketulo,
tebo yopiringizika ngati nkhono.
Sanavule ngakhale wotchi.
Anasomeka chingwe kunsi kwa chiwongolero,
laputopu pamiyendo, zala zikujompha manambala,
nati, "Malume, ndawonjezera akavalo makumi anayi."
Ndinayang'ana zikhadabo zake. Mbee!
Ndinaseka mpaka chifuwa chinanditsamwa.

Loweruka usiku tinakaima pamzere woyera,
mamita mazana anayi patsogolo pathu.
Getsi lobiriwira litayaka
Opala inabangula, matayala anafuka,
giya yachiwiri inandimenya pamsana monga kale.
Kake kanangoyetsemula, tsi!
ndipo ndinaona timagetsi tofiira tikuchepa,
tikuchepa.

Anyamata anandigulira khofi, osandiyang'ana m'maso.

Lolemba anabweranso, atanyamula kachipangizo m'thumba la malaya.
Ndinamuuza kuti galimoto yakale imayankhula,
umangogunditsa nsonga ya chitsulo pa injini,
chigwiriro kukhutu, basi imakuuza zonse.
Zatsopanozi n'zosalankhula, ndinatero,
zimadandaulira kompyuta, mwini wake ali pomwepo.
Iye sanatsutse. Anamata kawaya kake pambali,
nayang'ana mizere ikudumphadumpha pagalasi.
"Malume, silinda yachisanu ikugogoda."

Ndinagunditsa chitsulo changa.
Ndinatsinzina.
Zii.

Khutu lakumanzere linafa zaka zitatu zapitazo.
Lakumanja limangolira lokha ngati nyenje.
Sindinauzepo munthu, ngakhale Neusa mkazi wanga,
amene amayesa kuti ndimangomunyozera.

Tinatsegula mutu dzuwa likupendeka.
Pisitoni yachisanu inali ndi zipsera ngati za nthomba,
m'mphepete itayamba kusungunuka.
Mpikisano umodzi wokha,
ikanatulukira m'nthiti mwa injini.
Amati mawu a akulu amakoma akagonera.
A ana sindinamvepo mwambi wake.

Pomasula, bawuti imodzi inathyokera m'kati.
Jucélia anayang'ana laputopu, kenako ine.
Pamenepo galasi linalibe chonena.
Ndinamuonetsa kuwotcherera nati pachitsa,
kudikira chitsulo chizizire, kuthira dontho la oyilo,
kupotoza pang'ono, kubweza, kupotozanso,
monga umachitira ndi munthu wokwiya.
Inatuluka ikulira, yonse yathunthu.

Masabata awiri tinadikira mapisitoni ochokera ku São Paulo.
Tsiku lomanga ndinamupatsa sipanala:
yambira pakati, uzipita kunja,
usamalize bawuti imodzi zinzake zili lende.
Iye anandiwerengera manambala a mpweya ndi mafuta,
ine n'kumatembenuza tizitsulo ta kabuleta
mpaka anakweza dzanja kuti basi.

Amandifunsabe pamalo omwetsera mafuta,
"Seu Valdemir, yabwino ndi iti, yakale kapena yatsopano?"
Ndimawauza kuti yatsopano imathamanga.
Akafuna zambiri ndimaloza khutu.

Dzulo tinailiza.
Ndinaika chikhatho paboneti, n'kuimva m'mafupa,
yosalala, isanu ndi imodzi yonse.
Jucélia anapukuta manja pa buluku lake loyera
osazindikira n'komwe.
Pansi pa chikhadabo cha chala chachikulu
panali mzere wakuda
umene sopo sachotsa.