Chigongono cha paipi pa Bangula

A Bitoni abwera nacho m'thumba la malaya,
chigongono cha paipi chong'ambika pakhosi.
Akuti ndi chachitatu chaka chino.
Akuti pali wina wawaponderera dimba la anyezi.

Ine za ufiti sinditsutsa mu Okutobala,
masana amene mbuzi zimasiya kulira pansi pa msawu
ndipo njanji yakale imawotcha ngakhale mwavala nsapato.
Ndimangoti, patseni ndichione.

Ndachipukuta ndi chala.
Chala chatuwa ngati ndagwira choko.
Ili ndi dzuwa, a Bitoni, si munthu.
Lakhala likuchinyambita kuyambira Meyi,
lamwa mafuta ake onse,
chatsala chouma ngati makaka.
Mverani: thyo! Chikhala chamoyo, chikanapindika kaye.

Koma dzuwa silinali lokha.
Onani mng'alu uwu, wayenda motsata mazinga.
Ndani anamanga ndi sipanala yaikulu?
Ayang'ana kumbali, akuti ndi Zuze, mwana wa mlongo wawo,
uja amanyamula matumba a thonje awiriawiri.
Muuzeni kuti pulasitiki amamanga ndi dzanja,
ikalira kamodzi, basi.

Ndiye timabowo iti m'kati mwa mnofu wake,
ngati chigumu chofufuma bwino,
ndi umboni wa mabeseni akale ndi zigubu
zimene anasungunula pamodzi kuti mtengo utsike.
Munagula zingati?
Sakuyankha. Akuwerenga ntchentche.

Akuti tsono ndigule chachitsulo.
Ndaseka. Madzi a kuno ndi amchere, mukudziwa,
amadya chitsulo ngati chiswe pa nsungwi,
pofika Epulo mudzathirira anyezi ndi dzimbiri.
Chamkuwa chilipo, koma mtengo wake ndi mbuzi yabere.

Ndadula tizidutswa tiwiri, ndaponya m'ndowa.
Kotuwa kamira ngati mwala.
Kakuda kayandama.
Ndayatsa machesi: kakuda kanunkhira kandulo,
kotuwa katsamwitsa pakhosi, moto wazima wokha.
Si amodzi awa, ngakhale onse timawatcha pulasitiki,
monga si onse a pa Bangula amadziwa kupalasa bwato.
Wotuwayu amafuna kugona pansi pa dothi, mumdima.
Mukwirireni, adzakusungani zaka.

Apa a Bitoni andiyang'ana koyamba.
Iwe Nyathando, ndikwirire m'dimba la m'mbali mwa Shire?
Januwale akafika ndimazula zonse usiku,
madzi ali m'mawondo, tochi kukamwa.
Chokwiriridwa ndi cha mtsinje.
Ndinasiyamo pampu chaka chija, ndi zina zimene sindinena.

Ndakhala chete. Sipanala ndaika pansi.
Izi sizinalembedwe pa mng'alu.

Ndiye tengani wakuda, ndatero,
uja wopindika ngati mkombero wa dengu.
Ali ndi mwaye m'thupi, dzuwa limatopa naye.
Amakulungika, mungamukoleke paphewa n'kuthawa.
Zolumikizira zake n'zamphira m'kati, zomanga ndi dzanja,
Zuze asayandikire.

Afunsa mtengo. Ndanena. Aimba mluzu.
Tagwirizana theka lero,
theka anyezi akapita ku Limbe.

Chong'ambika chija ndachiponya m'katoni pansi pa tebulo,
momwe muli mipini ya ndowa, mawilo a mpope,
miyendo ya mipando ya kutchalitchi,
chilichonse ndi imfa yakeyake.
Madzulo kukazizirako pang'ono
ndimazitulutsa, n'kumaziwerenganso.