Dothi pa Yunifomu

Ndapalasa kabaza zaka zisanu ndi zinayi,
Namwera mpaka Chiponde, Chiponde mpaka Namwera,
msana kupindika ngati chikwakwa,
kuti mwana wanga Adija adzagwire cholembera,
khasu atisiyire ife amene sukulu inatikana.

Ndiye Lachitatu lina akutulukira
yunifomu ili psuu ndi katondo,
zikhadabo zakuda bii,
m'thumba la mabuku muli botolo
la nandolo wothira phulusa.
Ndinati kodi kusukuluko mwayamba ganyu?
Sopo mmene wadulira muno?

M'mawa ndinaimika njinga patsinde pa mbendera,
mawu nditawanola usiku wonse.
M'kalasi ndinapeza mabenchi okhaokha.
Mlonda anati zungulirani kuseri kwa zimbudzi.

Kumeneko Mayi Chindamba, nsapato atavula,
anali chogwada pakati pa Sitandade sikisi yonse,
mkono uli m'dzenje la manyowa.
Sanandifunse chimene ndadzera.
Anangoti bambo, tapisani dzanja apa.
Ndinapisa.
Munali mofunda ngati pansi pa nkhuku yofungatira.
Ana inu, wasonkha moto m'menemu ndani?
Kamnyamata kamamina, Sumani dzina lake,
kanati ndi tizilombo tosaoneka ndi maso,
tikudya mapesi,
tikakhuta tisiyirako chimanga.

Ine mapesi ndimatentha chaka ndi chaka
kuti munda uoneke wa munthu wakhama.
Ndinangoti chete.

Panali mizere iwiri pamtsetse,
wina wofunditsidwa udzu, wina wamaliseche.
Adija anathira chitini cha madzi uku, chitini uku.
Pamalisechepo madzi anathawa atabereka dothi,
ofiira ngati aja amatsika m'phiri mu Januwale
n'kudzatikwiririra msewu.
Wofundawo unamwa osalankhula.
Ana anatunga othawawo m'kapu, n'kuyeza,
n'kulemba m'makope ndi zala zamatope.
Masamu ake amenewo, anatero mayiwo,
mawa tichita kuchotsera.

Sikuti zonse zimawayendera.
Mbuzi za Che Mbwana zinamaliza mpiru usiku umodzi,
ana anazenga mlandu okha pansi pa mango,
chigamulo n'kukhala mpanda wa nkhadze.
Mwa mbande makumi anayi za nsangu
zinapulumuka khumi ndi imodzi.
Ya Adija inadyedwa ndi chiswe.
Akuti analira mpaka belu la chiwiri,
kenako anakatenga ina.

Nthawi ya phala anandipatsa kapu ya pulasitiki.
Munali nsinjiro za mtedza wa pamzere wachitatu
ndi ufa wa masamba a chamwamba.
Kamtsikana kena kanandiyang'ana mpaka nditameza,
ngati mwini golosale amene sakongoza.

Mawu ndinanola aja ndinabwerera nawo.
Sindinapepese, ndisaname.
Cholembera ndikuchifunabe,
ndikufuna adzakhale pa ofesi ya mpando wozungulira.
Koma thumba la feteleza chaka chino
likufuna maulendo a ku Chiponde
oposa amene miyendo yanga yatsala nawo.

Mapesi sindinatenthe.
Ndinawagoneka m'mizere monga ndinaonera.
Anzanga a pasiteji akuti Twaibu wayamba ulesi,
munda wake ngati pogona nkhumba,
ine ndimangopopa tayala.

Loweruka Adija anabwera kumunda
ndi kope lake ndi chingwe cha mfundo.
Anayeza phando ndi phando,
anakumba ndi chala, n'kupeza nyongolotsi ziwiri,
anazibwezera, n'kuzifunditsa.
Anati bambo, mwakhoza theka,
nandolo mwabzala motalikana.

Botolo lija lili pawindo, mbewu yotsala
anankafumbwe akungoizungulira kunja kwa galasi.
Dzulo pobwera ku Chiponde
ndinanyamula mayi wa madengu awiri a tomato,
ndalama yake ndinagula sopo wamtanda.
Ndamudula pakati,
wina wa thupi,
wina wa Lachitatu.