Mchenga wa mu Nsapato ya Mwandida

Tinali anayi pa chipereganyu,
zaka ziwiri tikutsina malipiro, ndiwo zili bonya,
mpaka Zelipa anati zakwana,
tiyeni tikaone nyanja ya Apwitikizi.
Atatu anawadindira.
Yanga pasipoti inabwerako mbee,
ndi kapepala koti akukayika ngati ndingadzabwerere.
Ine, wa ana awiri ndi ngongole ya malata ku Area 49,
ndingathawire kuti?

Ndinawaperekeza ku Lumbadzi
nditavala nsapato zija tinasankha limodzi pa kaunjika wa ku Tsoka,
zokwerera matanthwe, zolemera ngati njerwa.
Ndinabayibitsa ndege yomwe mwina sinali yawo.

Tsiku lachitatu Ndaona anatumiza mawu pafoni:
mphindi zitatu za mphepo yokhayokha,
kenaka wefuwefu, kenaka "Mayo ine, bondo!"
Ndinamvetsera kanayi mu minibasi,
kondakitala akundigwedeza phewa kuti ndisunthe.
Akuti kanjira kake n'kapamwamba pa phompho,
kumanja thengo lonunkhira ngati mankhwala a chifuwa,
kumanzere madzi opanda tsidya,
ozizira moti Mwandida anangoviika chala
n'kunena kuti basi, ndasamba.

Madzulo ankadya ndi kujambula.
Chinyama cha miyendo isanu ndi itatu chili m'mafuta,
Zelipa, mayi wa Chigwirizano, akulumbira kuti sakhudza,
chithunzi chotsatira mbale ili psiti.
Nsomba ya mchere woti n'kuumitsa ng'ombe.
Tizitumbuwa ta mazira, topserera pamwamba,
adadya tisanu ndi kamodzi ataimirira pamsewu
ngati ana otuluka kusukulu.

Mu mzinda wa zitunda anakwera kasitima kachikasu
kolira zitsulo pokhota,
anaona makoma ovala matailosi abuluu mpaka kudenga,
anasochera, anakangana, Ndaona ananyanyala kwa maola awiri.
Ndiye usiku wina Mwandida akuimba, kuseka mpaka kutsamwa:
"Iwe, kuno nsapato akuti sapatu!
Kalata akuti karta!
Mawu athu anafika kale, opanda chitupa."
Ndinaseka naye. Magetsi anali atazima,
choncho palibe anaona nkhope yanga.

Nanenso ndinayenda sabata imeneyo.
Mafuta kunalibe, mizere ya galimoto itagona pamafilingi,
ndinatsika wapansi kuchoka ku Capital Hill,
jakaranda atayala maluwa ake pansi,
fumbi la Okutobala likulowa m'mano.
Pa Area 18 ndinagula chimanga chootcha,
ndinaima pamlatho kuyang'ana magalimoto akudutsa pansi,
ndipo nsapatozo, kunena zoona, sizinandilume.

Anabwera Loweruka, atanenepa masaya, atayonda miyendo.
Anakhala pakhonde panga ngati abwera kudzapepesa maliro.
"Sikunali kwenikweni, kunali kodula."
"Mphepo, mwana iwe, ukanadwala."
Chitini cha nsomba, kamaginito ka pafiriji,
mpango wa tambala wofiira.
Ndinati mukandinamizanso ndikuthirani tiyi wopanda shuga,
fotokozani bwino, ndinasonkha nawo maloto amenewa.
Apo m'pamene anamasuka,
atatu kuyankhula nthawi imodzi,
Zelipa kuimirira kusonyeza mmene funde linamugwetsera,
mpaka a neba anasuzumira pampanda.

Mwandida anavula nsapato kuti ndione thuza,
ndipo mchenga unakhuthuka pasimenti panga,
woyera, wosalala, wosakwana supuni.
Tonse tinangoti zii.
Ndinaugwira ndi nsonga ya chala, ndinalawa.
Mchere unalipo, pang'ono.

Ndinati ndiusunga mu kabotolo ka mankhwala,
koma ndinagona mochedwa, ndikutsuka makapu.
M'mawa mwana wanga Tadala, wakhama pa tsache,
anali atasesa khonde lonse,
zinyalala atakataya patsinde pa mpapaya.
Ndapitapo kawiri kukayang'ana.
Wasakanikirana ndi dothi lathu lofiira, sungausiyanitse.
Unalowa pa Lumbadzi, wakhazikika ku Gulliver,
ndipo palibe anaufunsa
ngati udzabwerere kwawo.