Usiku Wobweza Mawotchi

Ku Huddersfield mvula yagona pazenera,
ine ayi.
Lachinayi ndinatseka chipata:
zalowa zalowa, ndinawauza, zotsala zidikire ulendo wina.
Rhodri wa ku Bangor sanandiyankhule masiku awiri,
kachigamba kake kanachedwa pang'ono chabe.

Tsopano mayeso akudziyendera okha pakompyuta,
timagetsi tobiriwira, tobiriwira,
kenaka kamodzi psuu, ngati khala.

Usiku uno dziko lino libweza mawotchi,
wani koloko ifika kawiri,
ndipo pulogalamu yathu, mlendo pa mwambo wa kuno,
yawerenga tsiku la maola makumi awiri ndi asanu
n'kukomoka.
Kwathu ku Ntcheu nthawi sabweza.

Ndalembera Farzana ku Bradford.
Wayankha akuyamwitsa,
mizere itatu, ndi dzanja limodzi.
Khala lija lazima.

Palibe amene amatilipira.
Ndandandalika maina onse makumi atatu ndi anayi,
la Rhodri lomwe,
ndadinda nambala: 4.2.
Mawa munthu amene sindidzamuona
adzaitenga ulere, osadziwa
kuti ola lobwerezalo ndinalimwera ine
mu tiyi wozizira.