Mphepo ya m'Pijo

Pijo ya atate yagona zaka khumi ndi zinayi
pansi pa mtengo wa mango ku Mchini,
matayala atafota ngati maungu a chaka chatha.
Nkhuku zinkaikira pampando wakumbuyo,
mavu anamanga mudzi wawo m'bokosi la mphepo.

Injini sinavute.
Inatsokomola kawiri, kulavula utsi,
n'kukumbuka dzina lake.
Chimene chinandidyera miyezi ndi eyakoni,
kabatani kabuluu kamene sindinaonepo atate akukakhudza.
Pamene mwini sitolo anawapatsa galimotoyi
m'malo mwa penshoni ya zaka makumi awiri pachiwongolero,
kanali katafa kale.
"Tsegula windo," ankatero,
"ya Mulungu n'njaulere."

A Mshanga, makanika a kuseri kwa msika wa Kapata,
anasuzumira m'boneti,
anaseka mpaka kamtengo kotokosera m'mano kanagwa.
"Mayi, gasi wa galimoto iyi anasiya kumupanga
inu mukanali kumsana.
Kompuresa yauma gwa, ngati mtima wa munthu wa kaloba."

Ndinagulitsa matumba asanu ndi atatu a nshawa.
Kompuresa ina inabwera pa basi ya ku Lusaka
itakulungidwa m'thumba la feteleza,
yochotsedwa m'galimoto ina yogundidwa.
Mabowo ake anakana ubale ndi Pijo.
Tinacheka chitsulo, kuwotcherera,
kudikira malaiti abwere,
kuwotchereranso.
Mapaipi atsopano, timphete ta rabala tobiriwira,
lamba wolira ngati kamwana ka mbuzi
mpaka tinamukunga.

Tinathira gasi Lachitatu.
Lachisanu singano ya geji inali itagona pansi.
Nanenso ndinagona chagada m'fumbi
ndi kapu ya thovu la sopo,
kupaka mfundo imodziimodzi,
mpaka kathovu kena kanatupa, kanaphulika, kanatupanso,
kundilozera pamene nshawa zanga zinkathawira.

Anthu a panjira ankaima:
mkazi wa mwini pansi pa galimoto, kufuna chiyani?
Sindinawayankhe.
Atate sayendanso.
Sitiroko inatenga mkono wamanja, mwendo,
ndi theka la mawu awo.
Ndi theka lotsalalo amangoti Msoro, Msoro,
kumene amayi anagona,
kuchigwa kumene Okutobala amaphika munthu m'malaya ake omwe.

Tinanyamuka dzuwa litakwera kale,
phiri la Kanjala likutsalira m'galasi.
Ndinatseka mawindo onse.
Ndinadina kabatani kabuluu.
Kuti kha! kompuresa yagwira,
injini inawerama pang'ono ngati wosenzetsedwa katundu,
kenaka poyamba fungo la mbewa zakale,
phiko limodzi la mavu,
ndiyeno iyo,
yozizira ngati madzi a m'mtsuko m'bandakucha.

Atate anakweza dzanja lamanzere,
analiika pakamwa pa mphepoyo,
kulitembenuza uku ndi uku
monga ankachitira pofuna kudziwa ngati injini yatentha.
"Ofesi," anatero. "Ofesi ya bwana."
Mbali yamoyo ya nkhope yawo inaseka.

Tala atatha, msewu utayamba kutigwedeza mano,
mitengo ya tsanya itaima yopanda tsamba,
ndinamva kukhwekhwesa pambali panga.
Zala zawo zinali kulimbana ndi chogwirira cha windo,
kuzungulira pang'ono, kuterereka,
kuyambanso.

Ndinaimitsa galimoto.
Ndinawatambalala pachifuwa, n'kuwatsitsira galasi lonse.
Chigwa chinalowa ndi moto wake:
fumbi, lupsa, ndowe zouma, kulira kwa nyenje.
Anatseka maso, anakoka mpweya
mpaka batani la shati linadandaula.

Eyakoni inali ikuombabe,
matumba asanu ndi atatu akutuluka pawindo
kukaziziritsa Msoro yense.
Ndinayang'ana kabatani kabuluu kaja.
Ndinakasiya choncho,
n'kuika giya yoyamba.