Denga Lathyathyathya

Ine Masuo ndinachiwotcherera chombochi ku Kobe
chili mimba yokhayokha,
chonyamulira mafuta ochokera kum'mwera.
Tinkachitcha Mayi Wapakati.

Kenaka kunabwera bwana wa asilikali apanyanja,
magolovesi ali mbee,
nati: "Chivekeni denga lathyathyathya,
pakhale potera ndege."
Tinangoyang'anana. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsokomola.

Miyezi isanu tikuyala zitsulo,
ana asukulu akutinyamulira misomali,
m'mimba muli kambatata kamodzi.
Chumuni tinachipotokolera m'mbali
ngati khosi la nkhuku
kuti utsi usatseke maso a woulutsa ndege.

Woulutsa uti?
Ndege khumi ndi ziwiri zija zinathera papepala.
Mafuta oti chimwe, osaoneka;
njira ya kum'mwera itadzaza mabomba.
Anachikokera kuseri kwa chilumba
nachifunditsa maukonde ndi nthambi za paini
kuti chioneke ngati phiri.
Adani sanapusitsike.
Tsiku lina mu Julaye, chakumasana,
chinathyoka msana, n'kukhala pansi m'madzi osaya
ngati ng'ombe yotopa.

Nkhondo itatha ndinapitako pabwato la msodzi.
Padenga paja, pomwe ndinasalaza ndi manja angawa,
mbalame zam'nyanja zinali mbwee,
kutera, kunyamuka, kuteranso.
Msodziyo, Kiyoji, anaseka chikhakhali:
"Mwaona? Bwalo lanu likugwira ntchito."

Ndinagwada n'kupapasa mzere umene ndinawotcherera.
Dzimbiri lokhalokha, koma sunang'ambike.
Mpaka lero sindidziwa
ngati ndiyenera kunyadira.